Khwangwala wa m'kwaya yathu

Ndili ndi mawu amanzenene, ndipo ndinakhala zaka zambiri osadziwa. M'kwaya ya amayi pa mpingo wathu ku Kaomba ndinkaima kutsogolo, n'kumakweza mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Nthawi yosoka fodya tinkaphunzira nyimbo m'chigafa cha amayi otitsogolera, manja ali bii ndi utomoni wa masamba, pakamwa pakuimba.

Chaka chimene tinaitanidwa ku mpikisano wa makwaya ku Boma, wina anatijambula mawu pafoni kuti tidzimve tokha. Atatsegula, panamveka mawu amodzi osasa akukanda pamwamba pa onse. Woyamba kuseka ndinali ine, n'kufunsa kuti khwangwala ameneyu walowa bwanji muno. Palibe anandithandiza kuseka. Aliyense anaweramira fodya wake. Ndinachita manyazi mpaka singano inandipulumuka m'manja.

Amayi otsogolera aja ananditengera pambali. "Ku Boma mupite nafe, yunifolomu muvale," anatero, "koma muzikangoyendetsa milomo."

Kunyumba ndinafotokozera mwana wanga wamkazi, amene anali patchuthi kuchokera ku koleji. Bambo ake sindinawauze. Pofuna kunditonthoza, mwanayo anati khwangwala si wonyozeka ayi. Akuti ophunzira ataunika kholingo ndi magazi a mbalame, anapeza kuti khwangwala ndi m'bale wa pumbwa, mpheta ndi namzeze, onsewo fuko limodzi la mbalame zoimba. Makolo awo anachokera kutali ku Australia, n'kumadumpha zilumba mibadwomibadwo mpaka kudzafika kuno. Njiwa, ndi kulira kwake kokoma kuja, ndiye mlendo pafukoli.

Ine ndi mtima wanga wapachala, nkhaniyo ndinaitenga ngati umboni wa pabwalo la milandu. Tsiku lina lophunzira ndinaimirira m'chigafa muja n'kuiyala yonse, ndi Australia yemwe, dzinalo likundikola lilime. Ndinati ngati Mulungu analowetsa khwangwala m'kwaya ya mbalame, inu ndinu yani kuti munditseke pakamwa? Mayi wina anafunsa ngati Australia ali kupitirira Simlemba. Anthu anafa nacho chiseko, ena mpaka kugwira m'mimba.

"Ubale sitikukana, mayi," anatero otsogolera aja mofatsa. "Koma oweruza ku Boma sakafunsa kuti kwanu n'kuti. Akamvera mawu."

Kufatsa kwawoko n'kumene kunandipha. Akanakalipa bwenzi nditawayankha.

Ku Boma ndinapita ndithu. Ndinaima mzere wakumbuyo, duku lili mbee, n'kumatsegula pakamwa ngati nsomba. Nyimbo ndinkaidziwa yonse, inkafika pakhosi n'kubwerera. Amuna anga anali atapalasa njinga kudzationera. Anakhala kutsogolo, akugwedeza mutu, ndipo ine ndinkalakalaka pansi patang'ambika.

Pobwerera ananditenga pakaliyala. Tikudutsa m'minda, akhwangwala awiri anali padenga la chigafa cha eni ake akulira mokweza, popanda wowauza kuti ayendetse milomo yokha. Ndinawasirira, azibale angawo.

"Amake mwana," amuna anga anatero osacheuka, "chilowereni m'banja sindinakumveni mukuimba bwino ngati lero. Ndanyadira."

Ndinagwiritsa chishalo, n'kunena kuti zikomo.