Ndinatseka Bowo la Boila ndi Chitenje

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kupha mkazi wanga ndi manja angawa. Ndikaganiza, mtima sukhala m'malo.

Tinkachita lendi nyumba yakale ku Balbriggan, zaka zija nyumba zatsopano zinkamera ngati bowa mu Dublin monse. Boila yotenthetsa nyumba inali kukhitchini. Pakhoma pafupi nayo panali bowo la tizitsulo, ndipo mphepo ya kunyanja inkalowera pamenepo. Kwathu ku Dedza, Juni akafika, bowo lililonse timatseka ndi nsanza. Ndinatenga chitenje chakale n'kutsekapo bwinobwino.

Patapita masiku awiri boila inayamba kuzima yokha, kagetsi kofiira n'kuyaka. Ndikadina batani inkayaka pang'ono, kenako zii. Ndinaona gasi, analipo. Ndinagogoda mapaipi. Ndinatulutsa mpweya m'maradiyeta, zitsulo zotenthetsa zipinda, monga anandiuzira mnzanga wa kuntchito. Za chitenje sizinandifike m'mutu n'komwe. Landilodi sindinamuuze, poopa kuoneka mlendo wovuta. Ndinangophunzitsa mayi akunyumba kudina batani lija, ine n'kumathamangira sitima yopita kuntchito.

Sabata yomweyo mayiwo anayamba kudandaula mutu ndi nseru.

"Abambo, malungo anditsatira mpaka kuno?" anatero akuseka.

Nanenso ndinati ndi malungo. Ndinawagulira panado, n'kuwauza kuti azikhala kukhitchini kofundako, chitseko chotseka.

Lachisanu masana ndinawaimbira ndili kuntchito, foni inangoitana. Kachiwiri, kachitatu, chimodzimodzi. Ndinaweruka osatsanzika. Musitima mipando inalipo, koma ndinaima njira yonse. Ndinawapeza ali pansi atatsamira kabati, akundiyang'ana koma osatha kudzuka. Ndinawakokera panja n'kuitana ambulansi.

Kuchipatala anati si malungo, ndi mpweya woipa wa boila, umene ulibe fungo. Mmisiri wa gasi atabwera anasolola chitenje chija n'kuchikweza m'mwamba.

"Anaika ichi ndani?"

Ndinangoloza pachifuwa panga. Anandiuza kuti moto umapuma ngati munthu, ndipo boila inkazima dala kuti itipulumutse. Ine ndinkaiyatsanso.

Mayi anachira. Sanandidzudzulepo mpaka lero, ndipo n'zimene zimandiwawa kwambiri.

Abale anga, bowo limene simunaboole inu musalitseke. Boila ikazima kawiri, siyani batani, itanani odziwa. Mutu ukamawawa m'nyumba n'kusiya mukatuluka, tulukani nonse. Ndi bwino kugona ndi majuzi atatu kusiyana n'kukaima pamaso pa apongozi pabwalo la ndege, bokosi la maliro likutsitsidwa.