Sikelo ya ana m'bokosi la olakwa

Lachiwiri lapitali azakhali anga a ku Magodi anatulukira pa boma pano pa Lundazi atabereka mdzukulu wawo Tiyezge. Kumudziko kwabuka chikuku, ndipo mwanayu, wa miyezi khumi, anali asanabayidwe katemera. Ndinawaperekeza ku sikelo, imene masiku ano imachitikira m'nyumba yakale ya khoti ija.

Titafika pakhomo anasuzumira, n'kuima nji.

"Yayi mwana wanga, muno sinilowa," anatero. "Adada, agogo ako, anaimilila mu bokosi muja cifukwa copha nyama mu nkhalango ya boma ya Lukusuzi. Anayenda ku jele, sanabwelele. Manje niikemo mwana?"

Sananame. Bokosi lamatabwa limene ankaimikamo oimbidwa mlandu lidakalipo, ndipo sikelo yoyezera ana aipachika pamtanda wa pamwamba pake penipeni. Khanda lililonse limalendewera mmenemo.

Ndinapsa mtima, poyamba ndi azakhali, kenako ndi ife tonse.

Taganizani nyumba imeneyi yaona zingati. Woweruza atasamukira ku khoti latsopano inasanduka kalasi, aphunzitsi n'kumaimika ochedwa m'bokosimo. Alimi anaunjikamo fodya. M'chilala chija tinalandiriramo chimanga chachikasu, wogawayo ataima m'bokosi lomwelo ngati mlaliki. Aliyense wolowa amapeza penti yolembera chikwangwani chake panja, koma hamala yozulira matabwa anayi imasowa Lundazi yense.

Ndinafunsa anamwino chifukwa chake sanalichotse.

"Ba tate, bokosi si yathu, ni ya a khoti," anayankha. "Ifunika kalata."

Kalata! Alemba ndani, kulembera yani? A khotiwo mwina anaiwala kalekale kuti anasiya kanthu.

Mukhoza kuwaseka azakhali anga kuti ndi achikale. Koma wolumidwa n'chakuda amaopa khala. Iwo anali kamtsikana tsiku limene anaona bambo awo akutsika m'bokosimo atamangidwa manja.

Mapeto ake ndinamumasula Tiyezge kumbuyo kwawo, n'kuima naye ndekha pamzere wa amayi, amayiwo akundiseka chapansipansi. Analendewera, anabayidwa, analira. Azakhali anadikira pansi pa mtengo atafulatira khomo.

Tiyezge anali ndi mwayi, ine ndinalipo. Nanga amene anayenda wapansi kuchokera kumudzi, kusuzumira pakhomo paja n'kubwerera mwakachetechete, chikuku chikatenga mwana wake, tidzaimba mlandu yani?