Anesi Anati Ndizipuma

Ndinakankha wilibala mapazi khumi, ndinaima, ndinatsitsa chidebe, ndinakhalapo. Ndinawerenga chamumtima mpaka makumi asanu. Ndinadzuka. Mapazi ena khumi. Chidebecho ndinkachiika pamwamba pa manyowa kuti mpando usamanditalikire.

Pawindo la kukhitchini katani inagwedezeka. Adona, eni nyumba, ankandiyang'ana.

Inali sabata yachitatu ndikugwira ntchito motero. Ndimasamala maluwa ndi kapinga panyumba ina ku Irene, pafupi ndi Pretoria, zaka zambiri ndithu. Bwalo lake ndi lotsetsereka. Manyowa amakhala kumunsi, maluwa kumtunda, pakati pali dziwe la nsomba zamawangamawanga zimene sizidyedwa. Kale ndinkakwera ndi wilibala yodzaza osaima. Tsopano ulendo umodzi unkadya theka la m'mawa.

Zinayambira ku kiliniki. Mutu unkandiwawa kunkhongo, ndiye ndinapita. Chingerezi changa ndi cha m'munda: thirira, dula, sesa. Cha m'thupi ndilibe. Ndinatenga alamu anga, amene amawotcherera zitsulo ku Pretoria West. Iwo amati Chingerezi ndi Chizulu anazimwera m'kapu imodzi.

Anesi anandikulunga lamba pamkono n'kupopa. Anayang'ana manambala, anayang'ana ine. Anayankhula nthawi yaitali, akuloza chifuwa, akuloza miyendo, akuyendetsa zala patebulo. Alamu ankangogwedeza mutu.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Eish, alamu. Akuti magazi anu akuthamanga."

"Akupita kuti?"

"Musachite nthabwala. Mapiritsi awa, m'mawa uliwonse. Mchere muchepetse. Ndiye akuti muziyenda tsiku lililonse, muzipuma kwambiri."

"Mawu onse aja ndi omwewa?"

"Enawo unali ulemu chabe."

Zinandimvekera bwino. Chinthu chikathamanga kwambiri umachiimitsa. Ng'ombe, njinga, chilichonse. Magazi sangakhale pansi ine nditaimirira. Ndiye ndinkayenda pang'ono n'kupuma kwambiri, monga ananenera. Ngakhale mpweya ndinkaukoka mochenjera ngati ndikuuba, kuopa kudzidzimutsa magazi. Mutu unasiya kuwawa. Ndinathokoza chidebe. Za mapiritsi sindinaganizeko.

Tsiku la katani lija linali Lachisanu. Chitseko cha kukhitchini chinatseguka, anatuluka amayi ogwira ntchito m'nyumba. Ndi a kwathu, a ku Mulanje, pakamwa posatseka. Asanabwere ku Joni ankakolopa m'chipatala, ndipo makutu awo ankagwira ntchito kuposa chokolopera. Anaima patsogolo panga, manja m'chiuno.

"Abambo, mazirawo aswa liti?"

"Mazira ati?"

"Amene mukufungatira pachidebepo."

Ndinakhazikika bwino pachidebe.

"Chabwino, khalani. Koma adona aimbira foni munthu wina. Abwera Lolemba kudzaona bwalo. Akuti inu mwakalamba mwadzidzidzi, akuopa kuti mudzawafera m'maluwa."

Ndinayang'ana kugalaja. Ntchito iyi ndi chipinda changa chomwe, kuseri kwa galaja. Ikatha ntchito, kiyi abwezedwa tsiku lomwelo. Ndipo ndani alemba munthu wa imvi kuti azikumba?

"Ndi lamulo la anesi," ndinatero.

"Anesi ake ati olamula chidebe?"

Ndinawafotokozera, mwachidule. Anafunsa ngati anandipatsa pepala. Linali m'thumba la ovololo, litapindika, lili ndi dothi. Analiwongola pantchafu, anawerenga ndi chala. Chala chinaima. Anawerenganso. Kenako anaseka mpaka anagwirira wilibala, mpaka galu wa nyumba yoyandikana anayamba kuuwa.

"Alamu anuwo akugulitsani masana! Apa alemba kuti muziyenda ndawala mpaka muzipuma mwamphamvu. Kupuma kwa mphuno, abambo. Osati kwa matako."

Ndinalanda pepala. Ndinaliyang'ana ngati ndingaliwerenge.

"Mawu ake ndi amodzi," ndinatero.

"M'Chichewa ndi amodzi. Anesi aja anayankhula Chichewa?"

Ndinapinda pepala n'kulibweza m'thumba. Koma china chinkandivutabe.

"Nanga magazi akuthamanga kale. Ndikathamanganso ine, sapitirira?"

Anapita pampopi, anatsegula madzi, anandipatsa payipi yothirira. Madzi ankatuluka bwinobwino. Anatseka kukamwa kwa payipi ndi chala, kusiya kampata.

"Gwirani pakatipo."

Ndinagwira. Payipi inali itauma gwa, ikutukumuka.

"Ndi matenda anu amenewo. Madzi ndi omwewo, koma njira yathina, ndiye akukankha makoma. Mitsempha yanu yauma, mtima ukukankha movutikira. Zakuti kuthamanga tinangotchula ife. Si mpikisano ayi."

Payipi ndimaidziwa. Ndaphulitsapo zingapo. Ndinatseka mpopi.

"Mphuno ikulowapo bwanji?"

"Bweretsani dzanja."

Anatenga zala zanga ziwiri n'kuziika pakhosi panga, m'mbali mwa kholingo. Munali kugunda, pang'onopang'ono. Zaka zonsezi ndakhala ndikumeta pamenepo osadziwa kuti pali munthu akugogoda.

"Tsopano kwerani masitepe a pakhondewo, mutsike. Kasanu."

"Adona akuona."

"Aone. Masabata atatu akhala akuonera chiboliboli."

Ndinakwera, ndinatsika. Kachisanu ndinali wefuwefu. Anandibwezera zala pakhosi. Kugunda kuja kunali kutafulumira. Chifuwa chikukwera, khosi likugunda, zonse pamodzi.

"Mwauza ndani kuti afulumire?" anafunsa.

"Palibe."

"Miyendo ndi imene yaitanitsa. Ikagwira ntchito imafuna mpweya. Mwendo uli ndi mphuno?"

"Ayi."

"Ndiye mpweyawo amaupititsako ndani?"

Ndinayang'ana miyendo yanga. Iwo anapitiriza, akundibaya ndi chala pachifuwa. Akuti mtima umakankhira magazi kumapapo. Kumeneko amatula mpweya woipa umene atolera m'thupi, ine n'kuutulutsa. Amasenza wabwino umene ndakoka. Amabwerera kumtima, mtima n'kuwakankhanso, mpaka kuchala cha kuphazi. Akatula, ulendo wobwerera. Usana ndi usiku, osapita kutchuthi. Mapapo akakoka mtima osakankha, mpweya ungokhala m'chifuwa. Mtima ukakankha mapapo osakoka, magazi angoyenda chimanjamanja.

Ndinali kuyang'ana dziwe. Pampu imakoka madzi pansi, kuwakweza pamwamba pa miyala. Amagwa akuchita thovu, n'kubwerera kunsomba. Magetsi akazima nthawi yaitali, pampu imaima, ndipo nsomba zimabwera pamwamba kukamwa kuli yasa. Ndathamangapo kangapo ndi ndowa, kutunga n'kukhuthula kuchokera m'mwamba kuti zisafe. Palibe anandiphunzitsa. Ndinangoona kuti madzi ongokhala amapha.

"Ngati dziwe," ndinatero.

"Chiyani?"

"Pampu ndi mtima. Miyala ndi mapapo."

"Nanga nsomba?"

"Miyendo."

Anawomba m'manja kamodzi. "Mwaona? Nzeru zilipo, kungoti munazikhalira."

Ndinagwira wilibala. Anaigwira kutsogolo.

"Osachita kuphulika ayi. Mtima ndi mnofu, umalimba ukamagwiritsidwa ntchito, koma pang'onopang'ono. Mapiritsi osasiya. Mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, imani, tibwerere ku kiliniki. Ndi ine. Alamu anuwo aziwotcherera zitsulo."

"Adona muwauza?"

"Ine ndiwauze chiyani? Pakamwa panga anatopa napo kale. Aone okha. Mawa ali pakhomo tsiku lonse."

Loweruka ndinayamba dzuwa lisanatenthe. Ndinathira manyowa theka la wilibala. Masabata atatu ndi ochepa, koma miyendo inali itaiwala mwini wake. Pofika padziwe mawondo ankadandaula. Sindinaime. Ndinatsegula kamwa, ndinakoka mpweya wonse umene ndinkauopa uja. Unalowa wozizira, wonunkhira kapinga wonyowa. M'makutu ndinkamva kugunda. Sindinachite mantha. Ndinkadziwa amene akugogoda ndi kumene akupita.

Ndinakhuthula kumtunda, ndinatsika. Potsika zonse ziwiri zinkabwerera m'malo, mpweya ndi kugunda, ngati anthu awiri amene amaweruka limodzi. Pokwera zinkayambanso limodzi. Ndinayesa kunyenga chimodzi: ndinagwira mpweya ndili pakati pa chitunda. Mapazi anayi okha, miyendo inalemera, mtima unachita phokoso ngati mwininyumba wodzafuna lendi. Ndinasiya zopusazo.

Dzuwa litafika pamutu, maluwa onse a kumpanda anali atalandira manyowa. Ndinatchetcha kapinga wa kutsogolo. Ndinachotsa masamba m'dziwe. Malaya anamatirira kumsana. Katani inagwedezeka kangapo, kenako inatsegulidwa yonse.

Ndikudzaza wilibala ina, adona anatsika masitepe, amayi aja ali pambuyo atanyamula kapu ya madzi. Adona anayang'ana maluwa, anayang'ana kapinga, anayang'ana ine kuyambira kunsapato. Anayankhula nthawi yaitali. Ndinagwirapo mawu awiri okha, Lolemba ndi foni. Ndinatembenukira kwa amayi aja.

"Munene zonse," ndinatero. "Ndi ulemu womwe."

"Akuti munthu wa Lolemba uja amuimbira kuti asabwere. Akuti munawaopsa. Akuti tsiku lina mukadwala muzinena, osamangokhala ngati mwala."

Ndinamwa madzi. Anatsika bwino.

Adona anawonjezera zina, akuloza m'nyumba, kumene abwana amakhala pampando tsiku lonse.

"Akuti amuna awo ali ndi matenda omwewa," anatero amayi aja, akubisa kuseka. "Akufunsa kuti mwamwa mankhwala anji ochiza munthu tsiku limodzi. Akuti ngati ndi a kwathu ku Malawi, muwapezereko."

Adona ankadikira, maso ali pa ine.

"Ndiwayankhe chiyani, abambo? Ndiyambire pati?"

Ndinawabwezera kapu. Ndinagwira wilibala, ndinayamba kukwera chitunda.