Masekondi Asanu ndi Awiri a Mayi a Anyezi

Mayi ogulitsa anyezi pakona ya msika aonekapo pa wailesi yakanema maulendo makumi anayi ndi atatu, koma sanayankhulepo ndi liwu limodzi lomwe. Anawajambula kamodzi kokha, zaka zinayi zapitazo, tsiku lomwe dzino linawagwira. Anakhala kuseri kwa mulu wa anyezi, dzanja patsaya, maso ali uko. Wojambulayo anakwera pabenchi, kamera n'kuiweramitsira pansi, moti mayi amsinkhu ngati amenewa anaoneka ochepa ngati mwana wosochera.

Kuyambira pamenepo, nkhani ikangokhala ya kukwera mtengo kwa zinthu, chithunzicho chimatuluka. Wowerenga nkhani amayamba watsitsa mawu, nsidze zitakumana, mzere wofiira n'kudutsa m'munsi mwa galasi, kenako balamanthu, mayi aja! Masekondi asanu ndi awiri, basi. Msika wonse unawapatsa dzina: Adzanjapatsaya.

"Adzanjapatsaya, mafuta akwera, kasambeni! Lero mutuluka!" ankakuwa wogulitsa nsomba.

"Inu akadzakujambulani, kamera idzakomoka ndi fungo," ankayankha mayiwo, uku akusenda makoko ouma.

Chonsecho geni yawo imayenda. Anayamba ndi benchi imodzi, pano ali ndi atatu, ndipo malo odyera awiri amatenga anyezi kwa iwo. Koma ogula achilendo akawazindikira amayankhula nawo motsitsa, ngati afika pamaliro.

Iwo sizinkawapweteka. Nthawi ya nkhani zamasana ikakwana, ankasiyira mnzawo benchi n'kukaima pakhomo pa wometa, pomwe pali wailesi yakanema. Pa sekondi yachisanu, kumbuyo kwa phewa lawo, pamadutsa bambo atasenza thumba, osaoneka bwino nkhope. Amenewo ndi amuna awo, omwe anamwalira patangotha chaka. Pazithunzi zakunyumba bambowo anaima njo ngati msilikali. Apa pokha ndi pomwe amayenda, ndi kupendekeka kwawo kuja.

Amene zinkamuwawa ndi mwana wawo wamkazi, namwino, yemwe anali pafupi kukwatiwa.

"Amayi, apongozi andifunsa ngati kwathu timadya kawiri patsiku. Mawa tipite akachotse chithunzi chija."

"Ukachotsa ine, wachotsanso bambo ako. Ndizikawaona kuti?"

"Masekondi awiri, Amayi! Ndiponso ndi msana wokha!"

"Msana umenewo ndi umene unakuphunzitsa sukulu."

Misozi inalengeza m'maso mwa mwanayo. M'mawa mwake mayiwo anavala malaya awo abwino, n'kunena kuti, "Tiye. Koma ndikayankhule ndine."

Kunyumba youlutsira nkhani anawalowetsa m'kachipinda kopanda zenera, kozizira ngati mosungira nyama. Munali mkonzi wa zithunzi, mayi wamagalasi, atazunguliridwa ndi makompyuta atatu. Atangotembenuka anagwira pakamwa.

"Ndinu! Ndimakuonani kawirikawiri, koma sindinkadziwa kuti ndinu aatali chonchi."

"Munandifupikitsa ndinu. Tandiuzani, mwanangu, msika wonse uja munasowa wina?"

"Pepani, mayi. Nkhani ya mitengo ilibe nkhope, ndi manambala okhaokha. Munthu akudya kunyumba samva manambala. Koma akaona dzanja patsaya, wamva kale tisanayankhule."

"Linali dzino."

"Dzino?"

"Lachibwano. Analizula Lachisanu lake."

Mkonziyo anaseka mpaka anavula magalasi, kenako anachita manyazi. Anafufuza m'kompyuta, n'kunena kuti zomwe zimaulutsidwazo ndi kachidutswa chabe. Zonse zomwe anajambula tsikulo zilipo, mphindi zinayi ndi masekondi khumi. Anadina batani.

Dzanja patsaya linaoneka monga mwa masiku onse. Msana uja unadutsa. Koma ulendo uno chithunzi sichinaduke. Bambowo anatula thumba, anatembenuka, nkhope yonse poyera, thukuta lili chuchuchu. Anaweramira akazi awo, mawu n'kumveka bwinobwino: "Mayi a mwana, mukalira kwambiri anthu aziti anyezi athu ndi okali, tikweze mtengo." Pagalasipo mayiwo anaphulika kuseka, dzanja likadali patsaya, n'kuwagenda ndi anyezi mmodzi. Bambowo anamuwakha.

Namwino anagwira mkono wa mayi ake.

"Zimenezi munazidulirenji?" anafunsa mayiwo chapansipansi.

"Kuseka sikukanagwirizana ndi nkhaniyo."

"Bwezani."

Anabweza katatu. Kachitatuko mayiwo anayankhulira limodzi ndi amuna awo, liwu ndi liwu.

"Chabwino," anatero akudzikonza pampando. "Chija cha masekondi asanu ndi awiri chichotseni, mwanayu akwatiwe mutu uli m'mwamba. Koma ichi mundiikire m'foni mwakemu chonse, osadulako ngakhale kutsokomola."

Mkonziyo analumikiza foni ndi kachingwe. "Nanga mitengo ikakweranso tizionetsa chiyani, mayi?"

"Mubwere m'mawa dzuwa lisanakwere, mudzajambule anyezi okha. Ndidzawasanja bwino. Ndipo wojambula wanuyo asadzakwerenso pabenchi yanga, anaithyola mwendo."

Ali m'basi pobwerera, mayiwo anagwira foni ndi manja awiri, mwana wawo akuwaphunzitsa pokhudza kuti chiyambirenso. Anapitirira siteji yawo osazindikira, ndipo anatsika yotsatira n'kubwerera wapansi, pang'onopang'ono.