A Paskale Satsegula Mjigo Asanasambe

A Paskale anabadwira m'mudzi mwathu muno, m'mbali mwa mtsinje wa Lupande. Ali anyamata anayesa usodzi, koma anasiya poti ng'ona zinkawayang'anitsitsa. Kenako analondera pageti la kampu ina ya alendo ku Mfuwe, ndipo kumeneko anaphunzira kuti munthu wogwira kiyi ndi munthu wamkulu.

Bungwe lina litatikumbira mjigo, panachitika msonkhano wosankha komiti. Amayife tinaliko ndithu, koma kuseri, tikuphikira alendo. Pamene tinkabwera ndi mbale, a Paskale anali atavala kale kiyi wa loko m'khosi, pa chingwe chofiira.

Anali munthu wa malamulo. Anati mjigo uzikhala wokhoma kuti ana asauthyole, ndipo nyengo yotentha banja lililonse lizitunga pang'ono kuti madzi asaphwe. Banja lawo ndilo linayenera kupereka chitsanzo. Panalinso lamulo lina lomwe komiti sinakambirane: a Paskale sankatsegula mjigo asanasambe.

"Munthu wa udindo satuluka ndi manthongo m'maso," ankatero.

Vuto linali loti madzi amadzulo ankathera kuphika, kusambitsa ana ndi kuchapa zofunda za mayi awo a Paskale, omwe ankadwala. Choncho akazi awo, a Esnati, ankalawirira kumtsinje kukafukula mchenga kuti apeze madzi oti abambo asambe, kuti abambowo akatsegule mjigo womwe unali kuseri kwa nyumba yawo. Njira ya kumtsinje imadutsa m'nkhalango momwe njovu zimadzera m'mawa zikamabwerera kuchokera kukadya mango m'midzi. Tonse tinkadziwa zimenezi. A Esnati sankadandaula, ndiye ifenso tinkangoti, "Muyende bwino, amake Ronnie."

Tsiku lina mu Novembala dzuwa linakwera ndowa zathu zili pamzere. A Paskale anali pakhonde, thaulo paphewa, sopo m'manja. Judith, mlamu wawo wa pakamwa pakuthwa, anawafuulira.

"Mwadzuka bwanji, a bwana Kiyi? Lero tiphike ndi malovu?"

"Dekhani, mulamu. Amake Ronnie achedwa ndi madzi. Amayinu mukakumana kumtsinje nkhani sizitha."

"Akumana ndi ndani, poti tonse tili pano? Tsegulani, tikuthireni ndowa yoyamba pamutu!"

"Udindo suyenda choncho."

Tili mkati moseka, a Esnati anatulukira. Analibe ndowa. Chitenje chinali chong'ambika, miyendo yokalikakalika ndi minga. Anati anakumana ndi njovu yokhala ndi mwana pokwera gombe. Anaponya ndowa n'kudzigwetsera m'ngalande, ndipo anagona momwemo akumva njovuyo ikupondaponda ndowa pamwamba pawo.

A Paskale anachita mantha, sindingawanamizire. Sopo anagwa. Anawazungulira akazi awo kuona ngati ali athunthu. Atakhutira, anapumira m'mwamba n'kufunsa kuti, "Ndiye ndowa ija yapitiratu?"

A Esnati anatambasula dzanja. Sanakweze mawu.

"Bambo a Ronnie, ndipatseni kiyi."

"Iai, amayi, komiti inanena kuti..."

"Kumtsinje sindipitanso. Mukafuna kusamba musanatsegule, mawa mudzapite nokha. Mukafika pamtengo wa msikidzi uja mudzayambe mwamvetsera."

A Paskale anayang'ana cha kunkhalango. Kenako anavula chingwe chija pang'onopang'ono, ngati akuvula khungu. Tsikulo anasamba madzi a pamjigo, ndipo palibe chinawachitikira.

Komiti inakumana Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Abambo anakambirana nthawi yaitali n'kugwirizana kuti udindo wa a Paskale ndi wolemera kwambiri, woyenera wothandizira. Wothandizirayo anakhala a Esnati. A Paskale anawathokoza abambo anzawo chifukwa cha nzeru zawo, ndipo anawomberedwa m'manja.

Kuyambira pamenepo a Esnati ndiwo amatsegula mjigo m'mawa ndi kukhoma madzulo. Amasesa pamalopo, amachotsa ndere m'ngalande, amathamangitsa mbuzi, amaleretsa amayi akayambana pamzere. Chogwirira chikayamba kulira amathira girisi. Malipiro palibe, monganso kale, koma njira ya njovu ija inamera udzu.

A Paskale akadali Wosunga Kiyi. Abungwe akamabwera kudzayendera mjigo, iwo amasamba m'mawa kwambiri, amavala sikipa yomwe anapatsidwa kumaphunziro ku Chipata, n'kuima pakhomo pa khitchini.

"Amake Ronnie, tandibwerekeniko kiyi uja, alendo ali pafupi."

"Mubweze akangopita," amatero a Esnati. "Judith sanatunge."