Mbale ya Amayi Inali Yoyera

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene a Tembo, mphunzitsi wathu wa Chingelezi ku Mtendere, anatiphunzitsa mawu awiri, "know" ndi "understand". Zinali zaka zija masitolo atauma, anthu akufola mizere ya ufa ndi sopo, bambo atachotsedwa ntchito kufakitale. Kunyumba tinkagula pamela, kajumbo ka ufa kongokwana tsiku limodzi. Madzulo amayi ankatigawira nsima ana anayife n'kukakhala pakhomo, n'kumati iwo adya kale.

A Tembo anafotokoza kuti "know" ndi kudziwa chinthu chifukwa wachiona kapena wauzidwa, pomwe "understand" ndi kufika pa chifukwa chake. Ine ndinkaona ngati akutitayitsa nthawi. M'kalasi ndinali katswiri, ndipo ndinkadzimva. Atati aliyense apange chiganizo, ndinaimirira msangamsanga.

"I know my mother does not like supper."

A Tembo anatembenukira kwa ine, choko chili m'manja. Anali munthu woonda, wa jekete limodzi, amene pa buleki ankangomwa madzi a pampopi.

"Uziba bwanji, Chisomo?"

"Bamakamba beka, ba ticha. Ati banadya kudala ku maliketi."

"Sentensi ili che bwino," anatero motsitsa mawu. "Manje lelo ukayangane mbale yao."

Ndinakayang'anadi. Mbale yawo yachitsulo, yobenthuka m'mphepete, inali pashelefu, youma, yoyera. Eni ake anali pakhomo akumwa madzi otentha opanda shuga, chitenje atachimanga zolimba pamimba. M'mawa mwake ndinakanena monyadira kuti, "Ni yoyela, ba ticha. Banasuka kudala." A Tembo anangogwedeza mutu n'kutembenukira kubolodi.

Mayeso ndinakhoza bwino, mawu awiriwo sindinawalakwitsepo. Koma kumvetsa kunadzandipeza ndili mayi wa ana awiri kukomboni ya Chaisa, chaka chimene mwamuna wanga anakhala pakhomo wopanda ntchito. Tsiku lina mwana wanga wamkazi anandifunsa chifukwa chimene sindinkadyera nawo. Ndisanaganize n'komwe, pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Nadya kudala."

Ndinatuluka panja n'kukalira kuseri kwa nyumba. Apo n'kuti amayi titawaika kale m'manda.

Mpaka lero zimandiwawa. Mbale ija ndinaiona ndi maso angawa, ndinkaidziwa ndi pobenthuka pomwe. Ndikanamvetsa, bwenzi nditawasiyirako ngakhale nthongo imodzi.