Mutu Wometedwa Theka

A Chipeso anameta anthu zaka khumi ndi zinayi m'kachipinda ka mpando umodzi, kalilole wobenthuka pakona ndi benchi la anthu asanu. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, poti chipeso sichinkachoka kuseri kwa khutu lawo. Mumsewu wonsewo panalibe wodziwa kuyendetsa lezala pakhosi ngati iwo.

Kenaka anadwala. Anayamba kusowa tulo, n'kumamva mawu a anthu oti palibe. Tsiku lina anasiya makina akulira patebulo, iwo ali kalikiliki kukalipira kalilole. Mlongo wawo, mayi wogulitsa nsalu, sanamvere omwe ankati awamange ndi chingwe. Anawatengera kuchipatala. Anakhalako miyezi iwiri, n'kubwerako ali bwino, atanyamula mapiritsi oti azimwa tsiku lililonse.

Anasesa, anathira mafuta m'makina, anatsegula chitseko. Palibe analowa. Milungu itatu benchi linangodzaza fumbi. Amuna omwe aja ankawaululira zinsinsi za m'mabanja ankadutsa tsidya lina la msewu, ndevu zili nyankhalala. Wosoka nsapato wa khomo loyandikana ndiye ankakoleza moto. "Khosi n'limodzi, abale," ankatero. "Mukalipereke kwa wamisala?"

Anthufe ndife odabwitsa. Wothyoka mwendo akachira timasewera naye mpira, koma wodwala maganizo timamugamula tokha kuti sadzachiranso, ngati kuti tinaphunzirapo udokotala.

"Achimwene, samukirani komwe sakukudziwani," anatero mlongo uja. "Mukangotseka pakamwa, basi."

"Ndizikameta mobisala? Ndinaba chiyani ine, chemwali?"

Zinawapweteka kwambiri, koma sanasamuke.

Woyamba kulowa anali dalaivala wa lole, mlendo wosadziwa kanthu. A Chipeso anamukulunga nsalu m'khosi, n'kumeta mbali yakumanja yonse mpaka mbee. Atafika pakati penipeni pa mutu anazimitsa makina.

"Bwana, ndikuuzeni. Ine ndinadwalapo misala. Ndinagonekedwa, ndipo mankhwala anga ndi awa."

Dalaivala anayang'ana chitseko, anayang'ananso mutu wake pakalilole. Angapite kuti munthu wamkulu ndi mutu wotero? Anakhalabe pampandopo. A Chipeso anayatsanso makina, n'kumafotokoza modekha momwe matendawo anayambira, zomwe adokotala ananena, ndi kuti amachizika ngati ena onse. Pomaliza dalaivala anadzisisita m'mutu, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Mdala, ndinu wochenjera! Bwanji simunanene ndisanakhale?"

"Mukanakhala?"

Mwezi wotsatira anabweranso ndi anzake awiri. Kuyambira pamenepo kameneko kanakhala kametedwe ka a Chipeso: mlendo aliyense, theka la mutu, makina zii, phunziro. Ena ankatukwana, koma palibe anathawapo. Ambiri ankayamba kufunsa. Kodi n'zolodzedwa? Kodi n'chamba? Nanga munthu wongokhala ndwii, wosafuna kudya kapena kusamba, nayenso akudwala? Zomwe ankazidziwa ankayankha. Zomwe sankazidziwa ankati, "Izo kafunseni kuchipatala, chitseko chachitatu kumanzere. Ine ndine wometa chabe."

Pang'onopang'ono akale aja anayamba kubwerera, mmodzimmodzi, aliyense ndi bodza lake. Wina akuti anali paulendo, wina akuti ankasunga ndevu dala.

Wosoka nsapato anapirira chaka chathunthu. Ndiye m'mawa wina analowa, benchi lili ndi anthu atatu, n'kupempha kuti ayambe ndi iye.

"Ndevu," anatero. "Ndi lezala."

A Chipeso anam'paka thovu, anam'kweza chibwano ndi chala, n'kuyamba. Tsaya limodzi litayera anapukuta lezala. Koma ulendo uno woyamba kulankhula sanali iwo.

"Mayi a kunyumba," wosoka nsapato ananong'ona, maso ali kudenga. "Miyezi isanu ndi iwiri tsopano ndimawatsekera kuchipinda. Amalankhula okha. Anthu ndimawauza kuti anapita kwawo."

"Bwanji simunanene, aneba?"

"Ndi pakamwa panga pomwepa? Pambuyo pa zonse ndinakunenerani zija?"

Misozi inatsika n'kusakanikirana ndi thovu. A Chipeso anali ndi mawu ambiri omwe anawasunga chaka chonse, akuthwa kuposa lezala. Anawameza. Anamaliza tsaya linalo bwinobwino, n'kum'vula nsalu.

"Katsekeni shopu yanu. Tikawatenge mayiwo."

Kenaka anatembenukira kubenchi. "Abale, ndatuluka, ndipo sindikudziwa ndibwera nthawi yanji. Wofulumira apite kwa mnzanga wa kumsika uja, amameta bwino."

Mzere wa kuchipatala unali wautali. Mayi aja anaonedwa dzuwa litapendeka, anapatsidwa bedi, ndipo namwino anauza mwamuna wawo kuti anayenera kubwera kale, komabe sanachedwe kwambiri. A Chipeso anabwerera wapansi, akuganiza zongokhoma chitseko n'kukapuma.

Anapeza atatu aja akadali pabenchi. Awiri ena anali ataonjezekera, ndipo wina anali chiimire pakhomo.

"Mwachedwatu, a Chipeso!" anatero wakutsogolo, akudzikulunga yekha nsalu m'khosi. "Tafulumirani. Mitu yathuyi sitipereka kwa wina."